Njala ya Galimoto ya Amalume

Mu mzinda wa Blantyre muno madokotala a galimoto ndi ochuluka kuposa galimoto zimene. Pakuti munthu akangotsegula boneti m'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere, nthawi yomweyo amazingidwa ndi akatswiri, wootcha chimanga, woitanira minibasi, ndi mkulu wina wa jekete amene sanagwirepo chiwongolero chibadwire, onse akutchula nthenda molimba mtima, osalipiritsa kanthu. Ine ndawamvetsera kwambiri anthu amenewa, popeza ndine mwini wa MGB ya 1969, yofiira, ya mipando iwiri, imene amalume anga anandisiyira pamene abale anzanga ankagawana ng'ombe ndi minda.

Galimotoyi inabadwira ku Abingdon, ku Mangalande, kumene ankapanga mtundu umenewu kuyambira 1962 kufikira 1980, ndipo amalume anaigula kwa mzungu wina wa ku minda ya tiyi ku Thyolo amene ankabwerera kwawo. Ikaima pa Victoria Avenue, denga lake litapindidwa, anthu amandiyesa mwini chuma, ndipo ine sindiwatsutsa, chifukwa kutsutsa anthu pagulu si ulemu. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuchokera kwathu ku Chilomoni, kudutsa pa Clock Tower mpaka ku Ginnery Corner, imayenda mwaufumu. Tsono msewu ukayamba kukwera molunjika ku Chichiri ndi ku Limbe, kumene ndimagwira ntchito, imayamba kutsokomola ngati nkhalamba yosuta chingambwe, imanjanja, imalavula ku kabuleta, kenaka imazima, ndipo malo amene inawasankha kuti izifera ndi pafupi ndi Kamuzu Stadium, kumene mboni sizisowa. Chondizunguza mutu chinali chakuti ikapumula mphindi zochepa inkalira bwinobwino, osakumbukira n'komwe manyazi amene yandichititsa.

Abwenzi a Yobu anabwera ndi uphungu wawo. Wina anati mapulagi, ndinagula mapulagi; wina anati koyilo, ndinagula koyilo; wina anati batire, ndipo atamva kuti galimotoyi ili ndi mabatire awiri a mavoti 6 obisika kumbuyo kwa mipando, anapukusa mutu nachoka mwaulemu. Mkulu wa jekete uja anandinong'oneza kuti amalume sanakondwe ndi m'mene maliro awo anayendera. Pampu ya petulo, imene ili pansi pafupi ndi tayala lakumbuyo la kumanja, ili ndi mapointi akeake amene nthawi zina amakakamira, ndipo mankhwala ake odziwika dziko lonse ndiwo kuigogoda ndi sipanala. Tsiku lina ndili chigonere pa phula, suti ya ku ofesi ili m'thupi, ndikugogoda molimbika, mayi wina wosenza dengu la nthochi anaima nati, "Abambo, musaimenye, kaitulireni kwa ankhoswe."

Safunsa anadya phula, choncho ndinapita nayo ku Ndirande kwa makaniko wina wachikulire, amene anaphunzira ntchito yake makabuleta asanalowedwe m'malo ndi makompyuta. Mkuluyo sanafulumire kugwira chitsulo. Anakhala pa tayala lakutha, nandifunsa mafunso ambiri kuposa amene anandifunsa akulu a mpingo ndisanabatizidwe, atandiuza poyamba kuti galimoto yotsokomola imadwala imodzi mwa nthenda ziwiri, kusowa moto kapena kusowa mafuta, ndi kuti ziwirizi zimafanana nkhope kotero kuti munthu wopupuluma amatha malipiro a chaka chonse kuchiza imene palibe.

"Kodi imavuta m'mawa kukagwa chiperoni, mwezi wa June kapena July?" anafunsa motero. Ndinati iyayi. Anati ikadakhala yotero, tikadakayikira chivundikiro cha distributor, chimene chikang'aluka pang'ono chinyezi chimalowa ndi kusokeretsa moto, kapena mawaya a mapulagi okalamba. Anafunsa ngati muvi wosonyeza kuthamanga kwa injini umadumphadumpha galimoto ikamanjanja, pakuti moto ukamaduka pa mapointi kapena pa kondensa muviwo umagwedezeka, pamene injini yofa ndi njala muvi wake umatsika pang'onopang'ono. Anayezanso mpata wa mapointi napeza kuti uli pa 0.015 ya inchi monga mwa lamulo lake, natsata mawaya kuona ngati moto ukuyenda 1, 3, 4, 2, ndipo zonse zinali m'malo. Za koyilo yanga yatsopano anangoti ndi yokongola.

Pa nkhani ya njala ndi pamene anakhazikika. Galimotoyi ili ndi makabuleta awiri a SU, lakutsogolo limadyetsa masilinda awiri oyamba, lakumbuyo awiri otsala, ndipo lililonse lili ndi kambale kake kosungira petulo, m'mene muli choyandama ndi kasingano kotseka mafuta akadzaza. Pa msewu wathyathyathya injini imamwa pang'ono, ndipo ngakhale mafuta akubwera modontha, timbaleto sitiuma. Koma pa mtunda, phazi likaponda kwambiri, injini imamwa msanga kuposa m'mene pampu ikuthira, timbale timauma, moto umayaka popanda chopsereza, ndipo galimoto imagwa ulesi. Ikaima, pampu imapeza mpata wodzazanso, ndiko kuuka kwa akufa kumene ndinkakuona pa Chichiri. Anandiphunzitsa kuti ikayamba kufooka ndizikoka choko, ndipo ikatsitsimuka kwa kanthawi ndidziwe kuti ndi njala. Kuti ikazima ndizizimitsa kiyi pomwepo ndi kutsegula timbale kuona ngati muli kanthu. Ndiponso kuti ndizitsegula chitsekerero cha thanki ndi kumvetsera ngati chikupuma, popeza kabowo kake kolowetsa mpweya kakatsekeka, pampu imalimbana ndi thanki yokana kupereka. Mapulagi anga atsopano anawamasula nandionetsa kuti onse anayi ayera mbee, pamene injini yokhuta bwino imawasiya ofiirira, ndipo yodya mopitirira imawadetsa ndi mwaye.

Atatero anachotsa payipi ya mafuta pa kabuleta, naiika m'botolo, natsegula kiyi. Anati pampu yamoyo iyenera kuthira pafupifupi theka la lita pa mphindi imodzi. Yanga inagogoda mofulumira, nitulutsa timadontho tofiira, tosakwana kunyowetsa pansi pa botolo, ndipo titadikha tinaona dzimbiri ndi madzi zitakhala pansi.

Ine, pofuna kuti mlandu ugwere kutali ndi ine, ndinayamba kufotokoza mwanzeru kuti dziko lathu lakhala likusakaniza petulo ndi ethanol wa nzimbe kuyambira 1982, woyamba wochokera ku Dwangwa, pambuyo pake ndi wa ku Chikwawa, ndi kuti galimoto yoleredwa ku Mangalande singazolowere kachasu itakalamba kale. Ndinakumbutsanso za 2011 ndi 2012, pamene tinkagona pa mizere ya mafuta ndi kugula petulo wa m'zigubu, amene makolo ake sankadziwika. Mkuluyo anavomera kuti ethanol amakoka chinyezi ndipo amafewetsa mapayipi akale a labala, ndi kuti za m'zigubu zinapha injini zambiri, koma atandilola kumaliza ulaliki wanga wonse, anandiyang'ana mwachifundo nati, "Bwana, kodi thanki imeneyi munaidzazapo liti?"

Ndinayang'ana phiri la Ndirande kwa nthawi ndithu. Thankiyo imalowa malita oposa 50, ndipo ine chilandirire galimotoyi ndimathira mafuta ongokwanira kukafika kumene ndikupita, ndi pemphero pamwamba pake. Anandifotokozera, ana a ntchito ake akumvetsera mokondwa, kuti thanki yokhala yopanda kanthu imachita thukuta m'kati usiku kukazizira, madziwo amadya chitsulo, dzimbiri limagwera pansi, ndipo pampu, poti imakhala ikukokota pansi penipeni tsiku ndi tsiku, imayamwa zinyalalazo mpaka kasefa kutsekeka. "Njala ya galimoto iyi, bwana, inayambira m'thumba mwanu," anatero.

Thanki anaitsitsa naitsuka, mapayipi anasintha, anaika sefa yatsopano ndi masingano atsopano, ndipo anathira mafuta pang'ono m'mitu ya makabuleta, imene inali itauma kuyambira nthawi ya amalume. Mankhwala otsiriza anali akuti thanki izikhala yodzaza. Nditawerengera mtengo wake pa chikhatho, ndinafunsa ngati palibe mankhwala ena a anthu wamba. Anati alipo: ndisamukire ku Limbe ndi kupeza ntchito m'tauni, kuti m'mawa ndizingotsetsereka.

Madzulo ndinawafotokozera mayi a kunyumba nzeru imeneyi, ndipo iwo, osaleka kusankha nyemba, anafunsa kuti, "Nanga pobwerera, abambo, wokankha ndani? Ine msana unandikana kale."