Boma Langa la pa Mjigo

M'dziko muno mulibe munthu wosadziwa kuyendetsa dziko. Kwerani minibasi ya ku Ndirande kapena ya ku Area 25 m'mamawa, musanatsike mukhala mutamva nduna zoyenera kuchotsedwa, njira yotsitsira mtengo wa feteleza, ndi mnyamata amene akanagoletsa zigoli ku Flames akanakhala kuti makochi amamva. Ine ndinali mmodzi wa akatswiri amenewa. Pabawo ndikatsokomola, anthu ankasiya kutakata n'kutchera khutu. Chimene chinkandisowa ndi mpando basi.

Mpandowo unabwera. Anthu a m'mudzi mwathu anandisankha kukhala wapampando wa komiti ya mjigo. Pali ena amafalitsa zoti ndinapambana chifukwa mwamuna pamsonkhanopo ndinali ndekha, komanso kuti ndinangofikapo kudzatenga kiyi wa nyumba kwa mayi a kwathu. Amenewo ndi ansanje, musawamvere.

Ndinayambira pa maonekedwe, poti mtsogoleri amadziwika asanayasamule. Amene tinamuona Kamuzu tikukumbuka suti ija, chipewa, magalasi akuda ndi litchowa m'manja, iye akulankhula Chingerezi wina akumasulira pambali. Suti ndinali nayo, ya pa ukwati wathu, ngakhale batani la pamimba linalowa chipani chotsutsa. Womasulira ndinapeza mwana wa mlongo wanga wa Fomu 2. Ndinaima pafupi ndi mjigo, n'kuponya Chingerezi changa chonse chimene ndinasunga kuchokera ku pulayimale. Mwanayo anakanda m'mutu nati, "Amalume akuti... kaya akuti chiyani." Amayi anaimba nthungululu. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti zinali zoyamikira.

Kenako ndinalemba ngodya zinayi za nthawi ya Kamuzu pa katoni: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Ndinakhoma pamtengo wa mango kuti aliyense wodzatunga aziwerenga. Pofika madzulo mbuzi zinali zitadya kumvera.

Tsono mjigo sudziwa suti. Wathuwu ndi wa Afridev, womwe uli pafupifupi m'mudzi uliwonse, ndipo m'kati mwake muli timphira timene timaperepeseka ndi kupopa, ndodo zachitsulo zimene zimathyoka, ndi mapaipi amene amang'aluka. Zonsezi zimafuna ndalama, n'chifukwa chake khomo lililonse linkasonkha K500 pamwezi. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo zinakwera mtengo m'masitolo, ndipo komiti inagwirizana kuti chopereka chichoke pa Chilembwe chifike pa Kamuzu, ndiye kuti K1,000. Funso linali lakuti akauze anthu ndani.

Akuluakulu amati mutu ukakula sulewa nkhonya. Wangawu unapeza njira: tsiku la msonkhano unandiwawa kwambiri, moti ndinakhala kumbuyo nditamanga kansalu pachipumi.

Anaimirira ndi mayi msungichuma. Ndi mayi wamfupi, wogulitsa zitumbuwa pasukulu, amene sindinamumvepo akutchula mawu oti masomphenya kapena chitukuko. Anamasula jumbo, n'kutulutsa kope la masamu lothimbirira ndi mafuta, nayamba kuwerenga: zolowa mwezi uno mwakuti, zogulira mphira mwakuti, za mmisiri wokonza mwakuti, zotsala m'thumba mwakuti. Atatero anatulutsa kamphira kakutha kamene tinachotsa pansi pa mjigo, kakuda, kong'ambika mbali imodzi, nakapereka kuti kayende m'manja mwa aliyense, pamodzi ndi lisiti la katsopano. Agogo ena anakanunkhiza. Bambo wina anafunsa ngati sitingadule tayala la njinga m'malo mwake, mayiyo nati, "Yesani pa mjigo wa kwanu." Anthu anang'ung'udza, anatukwana boma, ananditukwananso ine ngakhale ndinali wodwala, koma pakutha pa mwezi ndalama zinalowa.

Nditachira ndinabweretsa mfundo yanga yoyamba ya chitukuko. Ndinati komiti ipite kukaphunzira momwe anzathu a mudzi woyandikana nawo amasamalira mjigo wawo, ndipo aliyense alandire kaalawansi kothandizira ulendo. Atsogoleri enieni amatero, timawaona akupita kunyanja kukakambirana za umphawi. Mayi msungichuma sanakweze n'komwe maso. "A Tcheya, mjigo umenewo ukuoneka muli pano. Mukafuna, imani pachulupo muphunzire."

Chiyeso chachikulu chinali apongozi anga. Lamulo lathu limati wosasonkha asatunge, ndipo iwo anali ndi ngongole ya miyezi itatu. Ndinapita kwa msungichuma kachisisira, chipewa m'manja.

"Mayi, paja mukudziwa kuti amayi aja ndi munthu wamkulu. Komanso ine ndimakhala pamalo pawo."

"Ndikudziwa, a Tcheya. Lamuloli munasainira ndinu, siginecha yanu yaitali ija. Mukafuna atunge mawa, alipirireni."

Ndinayesa kukumbutsa mayiyo kuti wapampando ndine. Anavomera ndi mtima wonse, nawonjezera kuti n'chifukwa chake dzina la apongozi anga lidzakhala loyamba kuwerengedwa pamsonkhano. Ndinapisa m'thumba.

Usiku umenewo ndinakumbuka Mfumu Kachindamoto ya ku Dedza. Mayi amene uja anachoka pa ntchito ya ulembi pakoleji ku Zomba n'kukalowa ufumu, ndipo anathetsa maukwati a ana oposa 800, kubweza atsikana kusukulu, ndi kuimitsa mafumu ake omwe amene ankavomereza maukwatiwo. Anthu amene ankawaletsawo sanali alendo ayi, anali omwe ankakumana nawo pamaliro ndi pazinkhoswe, ena anamuopseza, iye osasunthika. Ine ndowa imodzi ya apongozi inandigonjetsa dzuwa lisanalowe bwinobwino. Pano apongoziwo amauza anzawo kutchalitchi kuti mu ulamuliro wa mkamwini wawo madzi ndi aulere, ndipo mwezi ukatha msungichuma amangonditambasulira dzanja osalankhula.

Pabawo ndimapitabe, koma nkhani ya nduna ikayamba ndimayang'anitsitsa njombwa zanga. Anzanga akuti mpando wandisintha, ndayamba kunyada.

Chisankho china chinachitika posachedwapa, ndipo ndikudziwitseni kuti ndinapambananso popanda wopikisana nane. Amayi anafotokoza kuti komiti imafunika munthu wa suti wolandira alangizi a zaumoyo akabwera ndi kolorini, komanso wa mawu aakulu wothamangitsa mbuzi ndi nkhumba pangalande. Kope, ndalama ndi kiyi wa loko zatsalabe kwa mayi wa zitumbuwa. Andilonjeza kuti ndikapitiriza kugwira ntchito bwino, chaka chamawa azindilola kusunga kiyiyo masana.