Mame Amene Adakana Kukamuka

Makolo adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amene adayambitsa mwambi umenewu ayenera kuti anali asanalandirepo mwana wa mchemwali wake wobwera “kudzangoona tauni masiku awiri”. Wanga adafika ndi kajumbo kamodzi mvula ya chaka chatha isanagwe. Lero limoti ya wailesi yakanema amasunga ndi iyeyo, ndipo ndikafika usiku amandifunsa kumene ndinali.

Mwambiwu unkatiphunzitsa kuti mlendo tisamuumire nsima, poti mawa lomwe apita. Koma ndikaunguzaunguza, alendo amene akuulemekezabe ndi amapiko ndi aziboda basi. Namzeze amanyamuka ku Ulaya chisanu chikayamba, amafika kuno mvula ikamayandikira, amandanda pa mawaya a magetsi ngati ana asukulu pa asembule, ndipo pofika Epulo wabwerera kwawo kukaikira mazira. Ya thiransipoti sapempha. Mileme ya ku Kasanka, ku Zambia, imasonkhana mamiliyoni m’kankhalango kakang’ono kuyambira kumapeto kwa Okutobala, imadya masuku mpaka kukhuta, Januwale akamafika yabalalika. Nyumbu za ku Serengeti zimawoloka mtsinje wa Mara kulowa ku Kenya, pamene alonda a pachipata ndi ng’ona zolandira msonkho wa mnofu, koma zopulumuka zimabwerera ndithu ku Tanzania.

Zonsezi timati zimasamuka, liwu lomwe lija timanenera munthu wochoka ku Namiwawa kupita ku Ndirande lendi itamukulira. Zina zimachita kusamutsidwa. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zidachotsedwa ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota, zitabayidwa mankhwala ogonetsa, n’kukwezedwa m’malole ndi makina. Ine posamuka mbaula ndimasenza ndekha pamutu.

Koma lilipo liwu lina limene Chichewa chidasungira anthu okhaokha: kutchona. Simudzamvapo za namzeze mtchona. Wosamuka amatsanzika, amanyamula mphasa ndi mtondo, anthu amadziwa kuti wapita. Mtchona amasiya malaya pa msomali, amati “ndikubwera”, basi. Liwuli lidakula m’masiku a Wenela ndi Theba, pamene anyamata ankalembedwa kupita ku migodi ya ku Joni, ena n’kuyenda wapansi mpaka ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare. Ambiri ankabwera ndi njinga, makina osokera ndi chipewa. Ena adakwatira komweko, moti zidzukulu zawo ku Bulawayo zimadziwa dzina la mudzi koma njira yake ayi. Dzina la Wenela lidatsala pa depoti ya mabasi ku Blantyre, ndipo mabasi a ku Joni akadadzazabe.

Mtchona woposa onse tidamulandira ndi nthungululu pa Chileka pa 6 Julaye 1958. Dr Kamuzu Banda adakhala kunja zaka zoposa 40, ndipo pobwera ankalankhula Chingelezi, wina n’kumamasulira anthu akwawo. Mame amenewo atatera kuno adakhala pa mpando zaka 30. Ndiye mnyamata wanga uja ndimudandaule bwanji pa chaka chimodzi chokha?

Mtchona wakale anali ndi chowiringula: kalata inkatenga miyezi, mwina n’kusochera. Wamakono amatchona tikumuona ndi maso. Tsiku ndi tsiku ali pa WhatsApp, atatsamira galimoto la bwana wake ku Cape Town, akufunsa ngati mvula yagwa. Pa maliro amatumiza chipepeso pa foni, pa ukwati amavina pa vidiyo. Mukamufunsa za kubwera amati Disembala, koma chaka satchula. Tsono kumene aliko eni dziko nawo akudikira kuti mame akamuke, ndipo ena akatopa kudikira amatola zibonga, monga zidachitikira mu 2008 ndi 2015. Pamenepo mpamene timakumbuka mwambi wina uja, woti kwanu n’kwanu, mthengo mudalaka njoka. Timaukumbuka mwezi umodzi, kenako tili pa mzere ku Mwanza, pasipoti m’manja.

Dzulo ndidalimba mtima. Titatha kudya ndidamukhazika pansi mnyamata uja, n’kumuuza mwambi wa mame mwaulemu wonse, ndikutsindika pa “sachedwa”. Adamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu ngati wamva.

“Zoona, amalume,” adatero. “Komatu ndidaiwala uthenga wa agogo. Akuti inuyo mudachoka kumudzi ine ndisanabadwe, mudati mukukangotenga satifiketi ku Lilongwe. Ndiye akuti ndikufunseni ngati mwaipeza, chifukwa jekete lanu likadali pa msomali.”

Adatero uku akusintha tchanelo.