Ndevu za Mnansi Zikayaka

Makolo athu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Kusukulu amatiphunzitsa kuti uwu ndi mwambi wa chifundo, koma ine ndimauona ngati mwambi wa masamu. Taganizirani: ngati wakhala pafupi ndi mnzako moti dzanja lako lingafike pachibwano chake, ndiye kuti ndevu zakonso zili pafupi ndi moto womwewo. Ukachedwa kumuzimira, mawa silifika n'komwe, nonse mukhala mutameta lero lomwe popanda lumo.

Amene akufuna kuona mayiko awiri okhala ndevu pandevu apite ku Ntcheu. Mu 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anasainirana pangano ku Lisbon, n'kulemba malire motsatira mtunda umene umagawa madzi, ena kupita ku Zambezi, ena kunyanja ndi ku Shire. Pambuyo pake msewu wa M1 unadzayalidwa pamtunda womwewo. Lero kuchokera ku Dedza kudutsa pa Lizulu mpaka cha ku Biriwiri, m'malo ambiri kum'mawa kwa phula ndi Malawi, kumadzulo ndi Mozambique. Minibasi yopita ku Lilongwe ikangozemba dzenje n'kutulukira kumanzere, okwera onse achita ulendo wa kunja kwa dziko popanda pasipoti, ndipo kondakitala sawonjezera mtengo. Pa Lizulu mayi amagula kachewere ku Malawi, kabichi ku Mozambique, chenje n'kukachipeza kwa mlamu wake amene amasunga makwacha m'thumba lina, metikashi m'thumba lina. Nkhuku imagona m'boma la Ntcheu n'kukadya m'chigawo cha Tete, ndipo palibe wa kasitomu amene anailipiritsa msonkho.

Malirewo anawapeza Angoni a Maseko atakhala kale. Domwe, kumene mfumu Chikuse inakhala, lero ili ku Angonia, pamene likulu la Inkosi ya Makosi Gomani lili ku Lizulu. Pa mwambo wa Angoni wa Umhlangano ku Nkolimbo abale a tsidya linalo amabwera, ngoma n'kuvinidwa, nyama n'kudyedwa, mowa n'kutha, popanda womasulira. Kumeneku maliro a dziko lina amaliridwa ndi dziko linzake, ndipo adzukulu safunsa kuti manda ali mbali iti ya mwala wa malire.

Mwambi wathu unayesedwa kwenikweni nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Ndevu za mnansi zinayaka zenizeni, ndipo pofika 1992 anthu pafupifupi 1 miliyoni anali atathawira ku Malawi, dziko limene eni ake anali asanakwane 10 miliyoni. Ntcheu ndi Dedza anali m'gulu la maboma amene analandira ochuluka. Anthu wamba anapereka malo, nkhuni, zitsime, ena mpaka ana awo aakazi. Kumtunda kwa akuluakulu zinthu zinali zina. Mu September 1986 Samora Machel, Robert Mugabe ndi Kenneth Kaunda anafika ku Blantyre kudzafunsa Kamuzu Banda ngati chimene wanyamula m'manja chinali chikho cha madzi kapena botolo la palafini. Mawu anakula, nkhope zinachita mdima, koma chaka chotsatira asilikali a Malawi anali akulondera njanji ya ku Nacala m'kati mwa Mozambique. Chikondi chinathandizako mwina, koma chachikulu n'chakuti njanji za ku Beira ndi ku Nacala zitaduka, katundu wathu ankazungulira mpaka ku Durban, mitengo n'kukwera. Apo m'pamene boma linamva fungo la tsitsi lopserera n'kuzindikira kuti likuchokera pansi pa mphuno yake. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, alendo ambiri anabwerera, koma anasiya akamwini, atengwa ndi zidzukulu zimene mpaka lero sizidziwa timu yochemerera Flames ikakumana ndi Mambas.

Vuto la masiku ano n'lakuti ntchito yozima ndevu inapatsidwa kwa akazembe, ndipo kazembe sazima moto wamba. Poyamba amalemba kalata yofotokoza kuti boma lake lamva ndi chisoni za kupsa kwa ndevu za boma linzake. Kenako pamakhazikitsidwa komiti ya akatswiri yoti ikaone ngati zimene zikupsazo zilidi ndevu. Komitiyo imakumana kunyanja, chifukwa nzeru zimabwera msanga pamene pali chambo ndi alawansi. Ikatha imapereka lipoti kwa nduna, nduna zimasaina, n'kugwirana chanza mpaka wojambula atakhutira. Mwini ndevu nthawi yonseyi amakhala akusisita chibwano chosalala.

Musati ndikunamizira anthu aulemu. Nkhani yoti Malawi azigula magetsi kuchokera ku Mozambique, kwa eni damu la Cahora Bassa, inakambidwa kwa zaka zambirimbiri. Mu 2013 Joyce Banda ndi Armando Guebuza anagwirizana, anthu n'kuomba m'manja. Mwambo woyambitsa ntchitoyo ku Phombeya m'boma la Balaka, apa pakhomo pa Ntcheu, unachitika mu 2022, pamaso pa Lazarus Chakwera ndi Filipe Nyusi. Nthambo yake ndi ya makilomita 218, kuchokera ku Matambo ku Tete. Mwana amene anabadwa tsiku losaina anali atafika Sitandade 3 tsiku loika mwala, akuwerengera pakandulo. Chaka chomwecho namondwe wa Ana anali atawononga kale Kapichira, n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130, dziko lonse n'kuphunzira kudya mgonero dzuwa lisanalowe.

Palinso phunziro la ku Nsanje, limene limaonetsa kuti ndevu za mnzako suzipesa osamupempha. Mu October 2010 Bingu wa Mutharika anatsegulira doko la Nsanje, Robert Mugabe ndi Rupiah Banda ali pompo. Panali alendo, zovina ndi malankhulidwe, koma chombo chimene amachidikira sichinafike. A ku Mozambique anachigwira panjira, nati mtsinje wa Zambezi ukudutsa kwawo ndipo kafukufuku wa zachilengedwe ayambe wachitika. Mngoni aliyense wa ku Tsangano akanatha kuwalangiza kwaulere kuti ng'ombe sudutsitsa m'munda mwa mnansi usanamugwadire, ngakhale zitakhala ng'ombe za ukwati wa mwana wako.

Tsono makolo anaiwala kutiuza chochita ndevu zonse ziwiri zikayaka nthawi imodzi. Namondwe wa Idai mu March 2019 anasakaza Beira, madzi n'kumiza chigwa cha Shire. Freddy mu March 2023 analowera ku Quelimane n'kudzagumula mapiri a Soche ndi Mulanje, anthu oposa 1,000 n'kufa kapena kusowa ku Malawi kokha. Aliyense anatambasula dzanja kuti azimire mnzake, n'kupeza kuti dzanjalo likufunika kwawo. Ndege zopulumutsa anthu zinachita kuchokera ku Tanzania ndi ku Zambia, kusonyeza kuti mwambiwu umafuna mudzi wonse wa SADC, anthu awiri okha sakwana. Ndipo amene akukoleza moto wa kusintha kwa nyengo ali kutali, kumayiko a mafakitale, kumene utsi wake sufika m'maso mwawo msanga. Pamsonkhano wa zanyengo ku Sharm el-Sheikh mu 2022 analonjeza thumba lolipira zowonongeka. Kumisonkhano yotereyi mlendo wofika yekha amapatsidwa tiyi ndi mawu okoma. Malawi ndi Mozambique akamalowa limodzi, zibwano zopserera zili poyera, mwina wosunga thumba angachite manyazi.

Ngakhale chisankho cha mnansi chimatiwotcha. Zipolowe zitabuka ku Mozambique pambuyo pa voti ya October 2024, mabanja masauzande anawolokera ku Nsanje, misewu ya ku Beira n'kuvuta, ndipo mizere ya galimoto zodikira mafuta, imene inali yaitali kale chifukwa chosowa ndalama zakunja, inatalikirako. Dalaivala wa ku Ntcheu amene sanavote ku Maputo anagona m'galimoto yake kudikira zotsatira.

Choncho ndili ndi pempho kwa a unduna woona za ubale ndi mayiko ena, mbali zonse ziwiri. Msonkhano wotsatira wa komiti yanu ya mgwirizano usachitikire m'hotela. Bwerani nawo pa Lizulu tsiku la msika. Tebulo tiliika pamzere woyera wa pakati pa msewu kuti pasakhale wonena kuti wachita kupita kwa mnzake. Wapampando akhale mayi wogulitsa tomato, chifukwa iye amadziwa kumaliza zokambirana katundu asanaole. Alawansi ilipiridwa mu kachewere, ndowa imodzi pa mfundo iliyonse imene yachitikadi. Ndipo popeza malole a pa M1 sadikira nduna, ndikukhulupirira kuti mfundo zonse zidzakhala zitasainidwa isanakwane 10 koloko m'mawa.