Ulemu kwa a Load Shedding, Mphunzitsi Wamkulu wa Makompyuta

Anthu a mu Lusaka ndife osayamika. Timatukwana a Load Shedding m'minibasi, pamsika wa Kabwata, ngakhale pamaliro, osazindikira kuti tikunyoza mphunzitsi wa makompyuta woposa onse m'dziko muno. Yunivesite ya UNZA inatibweretsera intaneti mu 1994 kudzera ku ZAMNET, BongoHive yakhala ikusula achinyamata kuyambira 2011, koma onsewa amaphunzitsa wofuna yekha. A Load Shedding salembetsa mayina, safunsa fizi. Amangolowa opanda odi, phunziro n'kuyamba.

Anakwezedwa udindo mu 2024, chilala chitaphwetsa nyanja ya Kariba. Mu Marichi ankaphunzitsa maola 8 patsiku. Pofika Seputembala madera ena ankakhala nawo maola 21. Ndi mphunzitsi uti anadziperekapo chonchi?

Taonani zimene anawachitira olemba mapulogalamu. Ambiri anali atagona tulo. Kapulogalamu kowerengera katundu wa m'sitolo kapena fizi ya sukulu anakalemba kalekale, n'kukasiya pa kompyuta yokalamba pansi pa tebulo ku Chelstone, kakudziyendera, mwini wake ataiwala ndi pasiwedi yomwe. A Load Shedding anangothimitsa kabokosiko. Kasitomala foni ngiri ngiri, mwini pulogalamu thukuta kamukamu, msamuko n'kuyambika: kukachita lendi pa seva yakutali, ku Ulaya kapena ku Cape Town kumene Amazon inatsegula malo ake mu 2020. Inde, ku South Africa n'kwawo kwa abale awo a mphunzitsi wathuyu, koma maseva akumeneko amagona ndi majenereta pambali.

Phunziro lenileni lili pamsamukopo. Monga posamuka nyumba, umatulukira zinthu zimene unaiwala kuti uli nazo. Apa code ya Python 2, imene eni ake anaiika m'manda pa 1 Januwale 2020. Apo database imene sinalaweko backup chibadwire. Pakona mzere umene unalemba ndi manja ako koma lero sukuumva, pambali pake utadzichenjeza wekha kuti usadzaukhudze. Seva yatsopano imakana zonsezi, ilibe chisoni. Munthu amayamba kukonza akung'ung'udza, pang'ono pang'ono chidwi chimamugwira, mpaka tambala kulira iye akadali pa kiyibodi, akuseka yekha chifukwa error imene inamusautsa usiku wonse inali kachizindikiro kamodzi kosoweka. Chikondi chimene chinazirala ndi ntchito za mu ofesi chabwerera, ndipo amene wachidzutsa ndi yemwe uja timamutukwana.

Za mwambo ndiye musanene. Batire ya laputopu ikatsala ya maola awiri, palibe amatsegula TikTok. Munthu amayamba waganiza papepala, kandulo ili apo, n'kulemba zofunika zokhazokha, ndipo Git yosungira code amaikumbukira asanauzidwe. Malaiti akabwera 2 koloko usiku, waulesi yemwe amadzuka.

Ena amati mphunzitsiyu amakondera, poti ku Kabulonga ndi ku Woodlands ana amajomba, atabisala kuseri kwa ma inverter ndi masola. Ine ndimawamvera chisoni anawo, akumanidwa maphunziro. Anzawo amanyamula laputopu kupita ku Manda Hill kapena ku East Park kukasaka soketi, kapu imodzi ya tiyi n'kuisunga mpaka madzulo, ndipo pa soketi imodziyo amadziwana, kuonetsana code, kugawirana makasitomala. Ogulitsa ma power bank mu Katondo Street nawonso sangawaneneretu zoipa a Load Shedding.

Tsono ndikupempha akuluakulu a maphunziro: apatseni a Load Shedding digiri yaulemu, muwaveke mkanjo ndi chisoti, kenako muwapumitse pantchito ndi ulemu wonse, chifukwa taphunzira mokwanira. Mwambo wa digiriwo muuchite masana, pabwalo, ndipo wolankhula akhale wa mawu amphamvu, poti mlendo wolemekezekayo akangofika maikolofoni sagwira.