Fodya wapachala ndi kandege

Sabata yatha m'minibasi yochokera ku Limbe, mnyamata amene ndinakhala naye pampando anakuwa kuti "Yapita!" mpaka kondakitala anacheuka, kuyesa wina wam'tsomphola foni. Ayi ndithu, kanali kandege. Kofiira kapafoni kaja: umaikapo K500, iko n'kumakwera, ndalama n'kumaswana, 1.5, 2, 3, iwe ntchito yako imodzi yokha, kudina batani kasanathawe.

Ndinakumbuka agogo: fodya n'uyu ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mwambi kukwana ngati anachita kuuyeza kwa telala. Chala chilipo, mphepo ilipo, mpaka atibweretsera ndege yoti inyamule fodyayo.

Koma penapake agogo anaphonya. Iwo ankayesa munthu amafuna fodya. Kandege katafika pa 2, mnyamatayu anali ndi K1,000 yakeyake, koma chala chinangoti njo m'mwamba. Fodya akalowa m'mphuno nkhani yatha, yetsemula uzipita. Kukoma kuli pamene akadali pachala, mtima uli phaphapha, chimene chichitike usakuchidziwa. Wofufuza wina, B.F. Skinner, anaziona pa nkhunda: yolandira chakudya mwa apo ndi apo, mosadziwika nthawi, imajompha batani mosatopa, ndipo chakudya chikaleka kubwera imachedwa kugonja kuposa inzake yozolowera kulandira nthawi zonse. Chikhalirecho nkhundayo inalibe katapila woti ibweze.

"Achimwene, ndimati ndidine pa 5, kathawa pa 4.8. Pang'onong'ono!"

Pang'onong'ono ameneyu ndiye mfiti yeniyeni. Mu 2009 Luke Clark ndi anzake ku Cambridge anaunika ubongo wa anthu akusewera makina a njuga, n'kupeza kuti kuphonya pang'ono kumadzutsa mbali zina zomwe zimadzuka munthu akawina. Thumba likulira maliro, mutu ukuimba nthungululu.

Anaikanso K500 ina. Akuti sakufunanso phindu, angobweza yake ija basi.

Ndinafuna kumuseka, chiseko chinakanika. Agogo ponena mwambiwu fodya wapamphuno ankakhutitsa. Lero K1,000 sigula ndi paketi ya shuga yomwe. Munthu wayenda ndi makalata a sukulu mu envulopu mpaka nsapato kutha chidendene, ndiye umuuze kuti agwiritse chimene ali nacho? Ali ndi chiyani? Kandege kokha ndiko sikamuuza kuti abwerenso mawa, bwana atuluka.

Tikuyandikira Ginnery Corner kondakitala anatambasula dzanja. Mnyamata anasisita m'matumba, kenaka anandiyang'ana.

"Tandilipirirani achimwene, kakangokwera ndikubwezerani pompano."

Ndinalipira. Ndipo ndisaname, siteji yanga ndinaipitirira, maso ali pa foni yake, ndikumukuwira kuti asadine kaye.