Andigula ndi lipenga limodzi

Okonza nyimbo za m'mafilimu a nkhondo ali ndi misampha yowerengeka, ndipo yonse ndimaidziwa. Chomvetsa chisoni n'chakuti kuidziwako sikunandipulumutsepo. Bambo wamkulu ndi imvi zangazi ndimakodwa ngati mbewa yoona chiponde.

Tiyambe ndi lipenga lija. Chitulukireni Inception mu 2010, filimu ya Christopher Nolan yomwe nyimbo zake anakonza ndi Hans Zimmer, trailer iliyonse yoopsa imabuula kuti bwaaam! Mdima bii. Bwaaam! Nyumba ikugwa. Nkhani yake sindinaimve n'komwe, koma mtedza ndasiya kale kutafuna. Zimmer yemweyo mu Dunkirk ya 2017 anaikamo kulira kwa wotchi, n'kuphatikiza phokoso lopusitsa khutu lomwe limamveka kuti likukwera koma pamwamba silifikapo. Asilikali akuthawa pagombe la ku France, thukuta kamukamu ndi ine pampando wa pabalaza.

Mavayolini nawo ntchito yawo ndi kubwereza timawu tomwetomweto mothamanga, ng'oma zikugunda pansi. John Williams mu Jaws ya 1975 anangotenga timawu tiwiri basi. Ine nyanja yamchere sindinaipondepo, koma timawuto tikayamba miyendo ndimaikweza pampando, kuopa shaki pasimenti.

Msampha wondichotsa ulemu ndi chete. Zonse zikangoti zii, ndimatembenuka n'kunena mwaukatswiri kuti, "Mayi a ana, tcherani khutu, pano paphulika." Kenako phuu! Wodzidzimuka ndine ndemwe, tiyi yense pa thalauza. Iwo amangopitiriza kusankha nyemba n'kuti, "Bambo, si inu munatichenjeza?"

Palinso fashoni yotenga nyimbo yodziwika n'kuiimba pang'onopang'ono mwamaliro. Trailer ya The Social Network mu 2010 inatero ndi nyimbo ya Creep ya gulu la Radiohead, kwaya ya atsikana a ku Belgium ikuimba, ndipo anzawo a mafilimu a mfuti anakopera mosachita manyazi. Munthu umalengeza misozi usanadziwe amene wamwalira.

Ndiye pali chinyengo ichi: nyimbo ya mu trailer nthawi zambiri m'filimumo mulibe. Amakaigula yokonzakonza kwa ena monga a Two Steps from Hell. Ngakhale ya trailer yotchuka ya Inception ija anapeka ndi Zack Hemsey. Timakhala mpaka mayina a osewera atha, kudikira nyimbo yomwe sanatilonjeze.

Dandaulo langa lenileni n'lakuti lusoli amaliwonongera osewera m'mafilimu monga Tom Cruise, munthu woti ngozi amachita kuithamangira yekha. Ofunika chenjezo ndife. Eni nyumba akamabwera kudzatenga lendi kumapeto a mwezi palibe vayolini kapena ng'oma, umangomva "Odi!" ali kale pakhonde. Okonza nyimbowo akanati azindiimbirako timawu tiwiri ta Williams pamene eni nyumba akukhota pa mpopi paja, bwenzi atapeza ana akunena kuti bambo apita ku maliro.