Walira Brembo walira matope

Agogo anga sanakwerepo Subaru, koma ine ankandidziwa bwino. Ndikalirira nsapato kapena njinga ankangoti, "Walira mvula walira matope, mwana iwe." Ndinkayesa akunena za kumunda. Mwambiwu ndinadzaumvetsa nditagona chagada pansi pa Impreza WRX yanga, mafuta a mabuleki akundidonthera m'khutu.

Mvula yanga ndinayamba kuilirira pa chitunda chotsikira ku Chikwawa kuchokera ku Blantyre. Ndinatsika monyada, phazi lili pa buleki njira yonse, ndipo ndisanafike kuchigwa pedulo inafewa ngati papaya lakupsa, fungo la chinthu chopserera lili thoo! Zimenezi si zamatsenga. Ntchito ya buleki ndi kusandutsa liwiro kukhala kutentha, ndipo mukawirikiza liwiro kawiri, kutenthako kumachuluka kanayi. Mukaponda, galimoto imagwadira kutsogolo, choncho mabuleki akutsogolo ndi amene amasenza gawo lalikulu la katunduyo. Akatentha mopitirira, mapadi amaterera ndipo mafuta amawira.

Munthu wanzeru akanagula mapadi abwino, n'kusintha mafuta, n'kuphunzira kutsika phiri ndi giya yaying'ono. Ine ndinatsegula intaneti. Kumeneko ndinaona makalipa agolide amene ankabwera ndi STI, mkulu wake wa WRX, opangidwa ndi Brembo, kampani ya ku Italy yomwe inayamba mu 1961. Mapisitoni anayi pa kalipa iliyonse yakutsogolo. Disiki ya mamilimita 326 pomwe yanga inali 294. Mamilimita 32 okhawo anandisowetsa tulo mwezi wathunthu, mpaka ndinagula akale ochokera ku Japan, n'kuuza mayi a kunyumba kuti ndachita zimenezi poganizira chitetezo cha ana. Ana amene, kunena zoona, amapita kusukulu wapansi.

Matope oyamba anabwera m'bokosi lomwelo. Mabowo asanu a disiki anakana kulowa pa mabawuti asanu a galimoto. Asanu ndi asanu, koma osagwirizana, ngati abale pa nkhani ya munda wa malemu. Ndinadziwa mochedwa kuti WRX yanga ndi 5x100, pomwe STI za kuyambira cha m'ma 2005 zinasamukira ku 5x114.3. Ndinagulanso madisiki ena, n'kudikira milungu itatu galimoto itakhala pa zochirikizira ngati nkhokwe. Apa pokha ndidzitame: sindinalowe pansi pake itangokhala pa jeke, kapena pa njerwa monga amachitira anzanga ena olimba mtima omwe akazi awo amadziwa kale mtengo wa bokosi.

Madisiki atafika ndinamanga zonse, kalipa osailendewetsa pa paipi yake, mabawuti kumangitsa ndi sipanala yoyezera mphamvu yomwe ndinabwereka. Ndinaima patali kusirira golide wanga. Kenako ndinanyamula tayala kuti ndibwezeretse.

Linakana.

Rimu ya mainchesi 16 siimeza Brembo. Pamafunika 17, ndipo si 17 iliyonse, chifukwa kalipayo ndi yonenepa ndipo imakhula zipilala za rimu. Marimu atsopano anafuna matayala atsopano, anayi, pakuti Subaru imayendera mawilo onse ndipo sifuna matayala osiyana msinkhu. Mpongozi mukamuitana kudzaona mwana amabwera ndi chikwama chimodzi, mawa lake n'kufika mbuzi zake. Brembo ndi wotero.

Koma matope enieni, ofika m'mawondo, anali kutulutsa mpweya m'mapaipi, komwe amakaniko amati kubilida. Mafuta sapanikizika, mpweya umapanikizika. Kathovu kamodzi kakatsala, pedulo imamira. Ntchitoyi ndi ya anthu awiri, wina pampando, wina pansi. Ndinagula mafuta a mabuleki a DOT 4, omwe akakhala atsopano sawira asanafike madigiri 230, ndipo ndinapempha mayi a kunyumba kuti andithandize mphindi khumi zokha.

"Pondani! Pondaninso! Gwirani!"

"Ndagwira."

"Siyani. Pondani!"

Patatha ola limodzi, mawu anachokera pampando: "Kodi abambo, tikupopa mjigo kapena? Ndiwo zanga zikupserera."

Patatha maola awiri botolo lachiwiri linatha, pedulo ikadali papaya. Ukwati umene unapirira ngongole, alamu ndi kusamuka katatu unayamba kugwedezeka chifukwa cha kathovu kosaoneka ndi maso. Wotipulumutsa anali mkulu wina wa pafupi nafe amene anakalambira m'galaja. Anasuzumira kamodzi kokha, n'kufunsa mofatsa ngati munthu wofunsa za maliro: "Achimwene, mpweya umathawira kumwamba kapena pansi?" Ndinali nditasinthanitsa makalipa, yakumanja kumanzere, timabawuti totulutsira mpweya titaloza pansi. Tikanapopa mpaka Khirisimasi.

Mkuluyu sanalekere pomwepo. Ali chisisitire golide wanga, anandiuza kuti choimitsa galimoto ndi tayala logwira msewu. Ngati mabuleki akale ankatha kale kudzutsa ABS, akuluwa sachepetsa mtunda woimira pa kuponda kumodzi, ubwino wake ndi wopirira kutentha mukaponda kambirimbiri. Ndinawafunsa kuti ndiye ndagula chiyani. "Mwagula ulendo wa ku Chikwawa," anatero. "Mumapitako kangati?" Kawiri pachaka. Ndinasintha nkhani.

Panatsala kuzoloweretsa mapadi ndi madisiki: kuthamanga, kuponda mwamphamvu osaima kotheratu, kuthamanganso, kangapo konse, kuti mapadi apake disiki mofanana. Ndinasankha msewu wopanda anthu Lamlungu m'mawa, komabe panapezeka mayi wina wa nkhuni pamutu amene anaima kundiyang'ana, kenako n'kupukusa mutu pamodzi ndi mtolo womwe.

Sabata yotsatira kunagwa mvula yeniyeni, ya usiku wonse. Kanjira kathu kochokera pageti kukafika pa tara n'kadothi lofiira, ndipo matayala anga atsopano, opyapyala ngati lamba, anapangidwira misewu ina. Ndinayenda mamita makumi awiri, galimoto n'kukhala pansi ndi mimba. Golide yense anasanduka katondo. Anyamata anayi anabwera kudzakankha, atayamba atchula mtengo. Ndili m'kati mokambirana nawo, mayi a kunyumba anatulukira pageti ndi ambulera, n'kuyang'ana galimoto yoima nji pakati pa njira.

"Koma abambo, mabuleki aja akugwiradi," anatero. "Ndibwere ndidzaponde?"